Kudya kopewa BP ndi shuga: poyambira pake ndi m'khitchini mwanu

Amayi anga anawapeza ndi BP tsiku limene anapita kuchipatala kukadandaula za bondo. Mutu sunkawapweteka, chizungulire analibe, kumunda ankalima ngati kale. Namwino anawayeza kawiri, n'kuwauza kuti akhale kaye pabenchi apume, kenako anawayezanso kachitatu. Manambala sanatsike. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo kuthamanga kwa magazi n'kotero ndithu. Munthu amayenda nako zaka zambiri osadziwa, mpaka tsiku lina adzuke mkono ndi mwendo zitafa mbali imodzi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu 3 aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 m'Malawi muno, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Amayi anabwerako ndi mankhwala komanso mawu ochepa a adokotala: achepetse mchere, azidya zamagulu. Wophika pakhomo pathu ndine, choncho ntchito yosandutsa mawu amenewa kukhala chakudya cha m'mbale inagwera ine. Ndinkaopa kuti tifunika ndalama zogulira zakudya za m'masitolo akuluakulu, koma ndinapeza kuti pafupifupi zonse zofunika zinali kale pamsika wathu ndi kuseri kwa nyumba. Chimene chinafunika kusintha ndi muyezo komanso kaphikidwe. Nayi ndondomeko imene ndinatsata, ndipo ndikukulangizani kuti musachite zonse tsiku limodzi. Gwirani chimodzi, banja lizolowere, kenako muonjezere china.

Choyamba: yezani mchere m'mawa

Ambiri timathira mchere ndi dzanja, ndipo dzanja silidziwa muyezo. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni ya tiyi imodzi yosasefukira. Muyezo umenewu ukuphatikiza mchere wonse, ngakhale umene uli kale mu buledi, m'nsomba zouma zothira mchere, m'masoseji, ndi m'tiufa tokometsera ndiwo tija timagula m'timapaketi. Ana amafunika wocheperapo.

Chitani chonchi. Pezani kakapu kapena kabotolo kakang'ono kokhala ndi chivindikiro. M'mawa uliwonse yezeranimo mchere wa tsiku lonse. Ife tilipo asanu pakhomo, ndipo ndimathiramo masupuni a tiyi atatu, podziwa kuti wina tikumana nawo m'zakudya zogula. Ndiwo za masana ndi zamadzulo zonse zithiridwe mchere wochokera m'kakapu kameneka, ukatha watha. Paketi yaikulu ibisike m'kabati, ndipo kambale ka mchere kachoke pamphasa kapena patebulo podyera, chifukwa pali anthu amene amawaza mchere asanalawe n'komwe.

Musadule mchere kamodzin'kamodzi. Ine ndinalakwitsa pamenepa sabata yoyamba, ndipo amayi anakankha mbale n'kunena kuti, "Mwanangu, ndiwo zozizira chonchi ndi za wodwala wogonekedwa, ine ndikadali moyo." Ndinabwerera pa muyezo wakale n'kumachepetsa pang'onopang'ono sabata iliyonse. Lilime limazolowera pakapita masabata angapo. Lero amayi akadya kumaliro kapena kuukwati amabwera akudandaula kuti ndiwo zinali zowawa mchere.

Kuti ndiwo zisazizire, muziwonjezera zina zokometsera: anyezi wokazinga mpaka afiirire, tomato wakupsa bwino, adyo, tsabola, ndi madzi a ndimu pa nsomba. Nsomba zouma zamchere muziyamba mwaziviika m'madzi ofunda, madziwo n'kutaya. Mukathira kaufa kokometsera kogula, musathirenso mchere wina. Ndipo mchere wochepa umene mukugwiritsa ntchitowo ukhale wa ayodini, wa m'paketi yolembedwa, chifukwa ayodini amateteza ku chithokomiro ndiponso amathandiza ubongo wa mwana kukula bwino kuyambira ali m'mimba. Musungeni wovindikira, kutali ndi moto ndi chinyezi.

Chachiwiri: ndiwo zichuluke, mitanda ichepe

Kwathu kuno munthu akadya mpunga, mbatata kapena maungu amanena kuti wagona ndi njala, poti nsima sanaione. Nsima ilibe mlandu, ndipo sindikuuzani kuti muisiye. Vuto ndi kagawidwe kathu: mitanda itatu kapena inayi yaikulu, pambali pake kandiwo kongonyowetsera mbamu. Thupi limalandira mphamvu zochuluka kuposa zimene likugwiritsa ntchito, koma zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda n'kuperewera. N'chifukwa chake m'nyumba imodzi mumatha kupezeka mayi wonenepa kwambiri ndi mwana wokwinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali okwinimbira, pamene mayi mmodzi mwa amayi 5 anali ndi thupi lopitirira muyezo.

Pogawa chakudya, yang'anani mbale ya munthu mmodzi. Theka lake likhale masamba. Mbali yotsalayo muigawe pawiri, kwina nsima, kwina nyemba, nsomba, mazira kapena nyama. Kwa munthu wokhala pansi tsiku lonse, kaya mu ofesi, m'shopu kapena pa chiwongolero, mtanda umodzi kapena iwiri yaing'ono ngati chibakera chake ndi yokwana. Wolima, woumba njerwa ndi wopalasa kabaza afunika yoposerapo, ndipo musawamane. Ine ndinangogula chipande chaching'ono, nkhani ya kukula kwa mitanda inathera pomwepo popanda kukangana ndi munthu.

Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso, ndi zamafuta. Simufunika kuzikwanitsa zonse pa chakudya chimodzi. Madzulo muziwerenga pa zala magulu amene adutsa m'nyumba mwanu kuyambira m'mawa, ndipo limene lasowa mulipezere malo mawa lake. Kwa ife limene linkasowa kawirikawiri linali la zipatso, chonsecho mtengo wa papaya unali pakhomo pomwepo, mapapaya akudyedwa ndi mbalame.

Chachitatu: pitani kuchigayo ndi chimanga chosakonola

Ufa woyera timaukonda chifukwa nsima yake ndi yosalala. Koma taganizirani zimene chimanga chimadutsamo. Timachikonola, gaga n'kuchoka pamodzi ndi kamtima kake komwe kali ndi mafuta ndi mavitamini. Mphale timaiviika masiku angapo, zina zotsala n'kupita ndi madzi. Thumba limabwera litachepa, ndipo zabwino zambiri zapita kwa nkhuku ndi nkhumba. Mgaiwa umasunga zonsezo. Umakhalitsa m'mimba, umathandiza kuti munthu asadzimbidwe, ndipo njala siibwera msanga.

Ndikudziwa kuti ambiri mgaiwa umawakumbutsa sukulu yogonera komweko kapena chaka cha njala, mwakuti kuupereka kwa mlendo amaona ngati manyazi. Yambani posakaniza, theka woyera theka mgaiwa, kwa mwezi umodzi. Phala la m'mawa likhale la mgaiwa wokhawokha kuyambira tsiku loyamba, chifukwa pa phala palibe amene amadandaula.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale. Mgaiwa sukhalitsa, umayamba kununkha ndi kuwawa chifukwa cha mafuta aja, choncho muzigayitsa wokwana masabata awiri kapena atatu basi. Chinanso, popeza khungu la chimanga silichoka, muzipeta ndi kusankha bwino musanapite kuchigayo, chowola ndi chofumbwa chonse chichoke. Kwa amene ali kale ndi matenda a shuga, dziwani kuti mgaiwa nawonso umakweza shuga mukaudya wambiri. Muyezo wa chibakera uja ukugwirabe ntchito.

Masiku ena nsima ipume. Mbatata yofiira mkati ili ndi vitamini A wambiri, wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi, ndipo ana amaikonda chifukwa ndi yotsekemera. Maungu, nthochi zophika, mapira ndi mawere ndi zokhutitsanso.

Chachinayi: phikani masamba osawapha

Apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Masamba tinkadya ndithu, koma tinkawaphika mpaka asanduke akuda, titathira soda, madzi ake n'kukhetsa. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba msanga, koma zimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Soda wogula uja alinso ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chili mu mchere chimene chimakweza BP. Munthu akhoza kuchepetsa mchere bwinobwino koma n'kumaubweza kudzera mu soda.

Nkhwani wotendera wopanda soda ndimaphika motere. Ndimasankha masamba anthete, n'kuwasenda mitsitsi yake. Ndimawatsuka asanadulidwe, chifukwa mukatsuka mutadula kale zabwino zina zimatsalira m'madzimo. Mu poto ndimathira madzi ochepa kwambiri, osakwana kapu, ndipo ndimadikira awire ndisanaikemo masamba. Pamwamba pake ndimaika tomato, n'kuvindikira. Pakapita mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri ndimathira nsinjiro ndi kamchere, n'kusiya nsinjirozo zipse kwa mphindi zingapo ndisanatakase. Masamba amatuluka akadali obiriwira, ndipo palibe madzi otaya. Bonongwe, chisoso, kholowa, luni, khwanya ndi chitambe zimaphikika chimodzimodzi. Nsinjirozo kapena supuni imodzi ya mafuta n'zofunika, chifukwa vitamini A wa m'masamba salowa bwino m'thupi popanda kamafuta.

Chigwada chokha ndicho chosiyana. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni wachilengedwe, choncho ayenera kusinjidwa bwino ndi kuwiritsidwa nthawi yokwanira poto ali wosavindikira. Pamenepa musafupikitse.

Zimandimvetsa chisoni kuti masamba athu akumudziwa timawaona ngati ndiwo za osauka, n'kumathamangira kabichi, chonsecho bonongwe ndi chisoso, zomera zokha m'munda, zili ndi ayironi, wothandiza kupanga magazi, ndi vitamini A wambiri kuposa kabichi. M'dzinja, pamene zili mbwee, futsani zina. Ziviikeni m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, muziyanike pamthunzi podutsa mphepo, pamphasa yoyera, ndipo zikauma musunge m'chikwatu kapena m'chidebe chotseka bwino. Dzuwa lamphamvu limawononga vitamini A, n'chifukwa chake pamthunzi ndi pabwino. Mfutso umenewu udzakupulumutsani mu Okutobala ndi Novembala, masamba akadula pamsika.

WHO imalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, omwe ndi ngati dzanja lodzaza kasanu. Zipatso muzidya za nyengo yake, ndi pamene zimatchipa: mango chakumapeto kwa chaka, masuku, magwafa, mapeyala, manachesi a ku Mwanza m'nyengo yozizira, masau ndi malambe m'chilimwe. Chipatso chodya chathunthu chimaposa juwisi wogula.

Chachisanu: nyemba, usipa, ndi kusankha mtedza

Nyama ya tsiku ndi tsiku si yofunika, ndipo kwa ambirife ndi yosatheka. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya zimamanga thupi pa mtengo wotsika, ndiponso zimathandiza kuti shuga asakwere mofulumira mukatha kudya. Muziziviika usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo n'kuphika ndi ena. Zimapsa msanga, makala amapulumuka, ndipo mpweya wa m'mimba umachepa. Usipa, matemba ndi utaka zili ndi ubwino umene chambo chachikulu chilibe: timadya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Kwa mwana wamng'ono, kazingani usipa pang'ono, musinje, muzithira supuni imodzi m'phala lake. Mazira ndi abwino kwa ana ndi amayi oyembekezera, zoti amaletsedwa zija zilibe umboni. Ngumbi ndi mphalabungu zikapezeka idyani, kungoti musazikwirire mu mchere.

Pa mtedza ndiimapo pang'ono, chifukwa apa pali ngozi imene ambiri sitiiganizira. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa ndi chinyezi zimachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi mwakachetechete mpaka kuyambitsa khansa. Poizoniyu satha ndi kukazinga kapena kuwiritsa. Chizolowezi chathu n'chakuti mtedza wabwino timagulitsa, wonyala ndi wothimbirira n'kusinja nsinjiro za pakhomo, zomwe timathira m'phala la ana. Muzithira mtedza m'lichero, musankhe ndi maso ndi zala, wakuda, wonyala, woboola ndi wowawa wonse mutaye. Musawaze madzi pa makoko pofuna kuti asavute kuswa. Ngati mungathe, gulani mtedza wathunthu musinje nokha, chifukwa m'nsinjiro zosinjasinja simungaone chimene chinalowamo. Chimanga chiume bwino chisanalowe m'matumba, ndipo matumbawo asakhudze pansi kapena khoma.

Chachisanu ndi chimodzi: shuga wa m'kapu ndi wa m'botolo

Werengani masupuni amene mumathira mu tiyi. Kwathu anali atatu pa kapu, kawiri patsiku, kuonjezera wa m'phala ndi wa m'thobwa. WHO imati shuga wothira asapitirire pafupifupi masupuni a tiyi 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo ndi bwino kwambiri kukhala pa 6. Botolo limodzi laling'ono la zakumwa zoziziritsa kukhosi limakhala ndi masupuni pafupifupi 7 kapena 8. Chotsani theka la supuni sabata iliyonse, monga tinachitira ndi mchere. Zakumwa za m'botolo zikhale za pa chisangalalo, ndipo ana asazolowere kupita kusukulu ndi ndalama ya mafilizesi ndi maswiti tsiku lililonse. Nthochi, mbatata yootcha kapena chimanga chophika zimakwana m'chikwama bwinobwino. Shuga wa m'dziko muno amathiramo vitamini A, koma chimenecho si chifukwa chomudyera wambiri.

Tiyi ali ndi nkhani inanso. Akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatchinga ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba kuti asalowe bwino m'thupi. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti mayi mmodzi mwa amayi 3 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Muzimwa tiyi patapita ola limodzi mutadya. Pa nthawi ya chakudya, chipatso chowawasa monga lalanje, gwafa kapena madzi a malambe osachulutsa shuga chimathandiza ayironi kulowa.

Mafuta ndi za pachiwaya

Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osapungula kuchokera m'botolo. Masupuni aakulu awiri amakwana poto wa ndiwo za banja. Tchipisi, kanyenya, mandasi ndi zitumbuwa za pamsewu zimakazingidwa m'mafuta obwerezabwereza mpaka kuda, kenako n'kuwazidwa mchere. Kamodzi pa kanthawi sizipha munthu, koma amene amagwira ntchito m'tauni n'kumadya pachiwaya masana aliwonse ayambe kunyamula chakudya cha kunyumba m'kontena, ngakhale masiku atatu pa sabata. Mowa wambiri umakwezanso BP, ndipo fodya amawononga mitsempha ya magazi. Tisiyenso kuyamikira mimba yaikulu ngati chizindikiro cha kupeza bwino. Mafuta a pamimba ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi BP, ndipo munthu akayamba kutsika thupi chifukwa wasintha kadyedwe, achibale timulimbikitse m'malo momunong'oneza kuti akudwala.

Madzi ndi m'manja

Zakudya zabwino sizithandiza ngati zikulowa ndi tizilombo. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini, musunge mu ndowa yovindikira, ndipo kapu yotungira isakhale yomweranso. Posamba m'manja muzithirirana madzi ndi sopo, osasambira m'beseni limodzi nonse. Chakudya chogona muzitenthetsa mpaka chiwire. Mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zimene wadya, chifukwa m'mbale ya gulu amapambana ndi wamanja aatali.

Chomaliza: kayezetseni, ndipo mankhwala musasiye

Kadyedwe kabwino kamathandiza kupewa matendawa ndi kuwachepetsa mphamvu, koma sikalowa m'malo mwa mankhwala. Amayi atayamba kupeza bwino anafuna kusiya mapiritsi, ena atawauza kuti adyo ndi mandimu n'zokwana. Ndinawachonderera kuti, "Amayi, manambala atsika chifukwa mukumwa mankhwala ndi kudya bwino, zonse pamodzi. Tikafunse kaye kuchipatala." Adokotala anawauza kuti apitirize, ndipo akumwabe mpaka lero. Amene mukumwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulini musadumphe chakudya, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Amene muli ndi vuto la impso, funsani achipatala musanachulutse nyemba, nthochi ndi masamba.

Ngati muli ndi zaka 30 kapena kuposerapo ndipo simunayezetsepo BP, pitani kuchipatala chapafupi mwezi uno, ngakhale simukumva kupweteka paliponse. Kuyeza kumatenga mphindi zochepa. Pumulani kaye mphindi zisanu musanayezedwe, ndipo musamwe khofi kapena kusuta fodya nthawi itatsala pang'ono. Manambala akafika pa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, ndiye kuti BP yakwera ndipo mufunika thandizo. Ngati m'banja mwanu muli wodwala shuga, kapena mukumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuonda kosadziwika bwino, pemphani akuyezeninso shuga. Manambalawo alembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala pamodzi ndi tsiku lake, ndipo ulendo wotsatira mukatenge kabukuko kuti adokotala akayerekeze.